Nsungwi zokongoletsa pakhomo zizigulitsidwa ndi dzina ndi msinkhu wake

A Mkonzi,

Ndikupempha danga m'nyuzipepala yanu kuti ndilankhulepo za nsungwi zokongoletsa pakhomo, zimene masiku ano zikugulitsidwa m'machubu m'mphepete mwa misewu ya m'mizinda yathu pamodzi ndi maluwa, kapinga ndi mbande za zipatso. Anthu amene amanga nyumba m'mapoloti atsopano akuzigula ndi zolinga zabwino, pakuti akufuna mthunzi, akufuna kutchinga fumbi la mumsewu, ndiponso safuna kuti wodutsa kapena wokhala m'nyumba yosanja yoyandikana nawo aziona zonse zochitika pabwalo. Chimene chikundidetsa nkhawa n'chakuti mbande zambiri zikugulitsidwa popanda dzina. Wogula akafunsa amangouzidwa kuti iyi ndi yachikasu, iyo ndi yobiriwira, ndipo akachita mwayi amauzidwanso kuti siyanda. Yankho limeneli silikwanira, chifukwa nsungwi yosayanda ikhoza kulekera pa mamita 4 kapena kupitirira mamita 20, ndipo zikadali m'chubu ziwirizi n'zovuta kuzisiyanitsa kwa munthu amene sanazizolowere.

Nsungwi si mtengo, ngakhale ina imatalika kuposa mitengo yambiri. Ili m'banja la udzu limodzi ndi chimanga, mapira, nzimbe ndi bango, ndipo padziko lonse pali mitundu yoposa 1,000. Mphamvu yake yeniyeni ili pansi pa nthaka, m'matsinde okwiririka amene amatulutsa mphukira chaka ndi chaka, ndipo makulidwe a matsinde apansiwa ndi amene amagawa nsungwi m'magulu awiri. Gulu loyamba limakula ngati phata la nthochi, pamene mphukira yatsopano imatulukira pafupi ndi mayi wake, phata n'kumakula pang'onopang'ono mozungulira pamalo amodzimodziwo. Gulu lachiwiri limatumiza tsinde lalitali pansi pa nthaka, limene limatha kuyenda mamita angapo m'nyengo imodzi lisanatulutse mphukira pamalo amene mwini wake sanaganizirepo. Kalata yangayi ikunena za gulu loyambalo, lomwe ndi loyenera pakhomo.

Mantha amene anthu ena ali nawo pa nsungwi amachokera ku gulu lachiwirili, ndipo mbali yaikulu ndi mantha obwereka. Nsungwi zoyanda, makamaka za mtundu wa Phyllostachys, kwawo ndi kumadera ozizirirapo a dziko la China, ndipo zinabzalidwa kwambiri m'minda ya maluwa ku Ulaya ndi ku America. Abale athu okhala ku Britain angachitire umboni kuti kumeneko nsungwi yotere imadutsa pansi pa mpanda n'kukatulukira pabwalo la munthu wina mpaka oyandikana nyumba kufika podana. Nkhani zimenezi ndi zimene zadzaza pa intaneti. Kuno kotentha nsungwi zimene timaziona kawirikawiri ndi za phata, za mitundu ya Bambusa, Dendrocalamus ndi Oxytenanthera. Komabe, popeza mbewu zimalowa m'dziko m'njira zambiri, ndi bwino wogula ayang'ane yekha. Nsungwi ya Phyllostachys imakhala ndi kangalande mbali imodzi ya thunthu, kuyambira pamene patulukira nthambi kukafika pa mfundo yapamwamba, ndipo pa mfundo iliyonse pamatuluka nthambi ziwiri. Ya Bambusa thunthu lake ndi lobulungira bwino, ndipo pa mfundo imodzi pamatuluka nthambi zambiri, kawirikawiri imodzi yaikulu ndi zing'onozing'ono m'mbali mwake.

Malangizo a pa intaneti ali ndi msampha winanso. Olemba a kumaiko ozizira akamatama nsungwi ya phata, nthawi zambiri amanena za Fargesia, imene kwawo ndi kumapiri ozizira a ku China. Imeneyo imapirira chipale, koma imalefuka ndi kutentha, makamaka kumene usiku sikuzizira. Munthu wa ku Salima, Mangochi kapena Chikwawa amene angaiitanitse kunja adzangotaya ndalama zake.

Tsopano ndifike pa mitundu imene ilipo kuno, chifukwa pamenepa ndi pamene pagona nkhani. Nsungwi yachikasu ya mizere yobiriwira, imene imakopa maso kwambiri ndipo imapezeka mosavuta, ndi ya mtundu wa Bambusa vulgaris. N'zoona kuti ndi ya phata, n'zoonanso kuti ndi yokongola, makamaka dzuwa la madzulo likaiwomba, koma ikakhwima imatalika mamita 10 mpaka 20, thunthu lake limanenepa masentimita 4 mpaka 10, ndipo phata lake si lothinana, limatambasuka, nsonga zake n'kumawerama kutali ndi pamene zamera. Pa sukulu, pa tchalitchi, pa malo ogona alendo kapena pa munda waukulu ndi mbewu yabwino zedi. Pa poloti ya mamita 15 mulifupi ndi 30 mulitali, pamene pali kale nyumba, khitchini, chingwe choyanika zovala ndi kadimba ka ndiwo zamasamba, phata limodzi lokha la nsungwi imeneyi limalanda ngodya yonse pakatha zaka zochepa. Ine ndimaona kuti imagulitsidwa kwambiri osati chifukwa ndi yoyenera m'tauni, koma chifukwa ndi yosavuta kuchulukitsa, pakuti chidutswa chake chikangokwiriridwa m'dothi lonyowa chimagwira.

Yaikulu kuposa imeneyi ndi Dendrocalamus asper, yochokera kum'mwera chakum'mawa kwa Asia, imene yalimbikitsidwa m'dziko muno m'zaka zapitazi ngati njira yopezera nkhuni, makala ndi milimo popanda kugwetsa mitengo yachilengedwe. Cholinga chimenecho ndimagwirizana nacho ndi mtima wonse. Koma nsungwi imeneyi imafika mamita 20 mpaka 30, thunthu lake limatha kunenepa mpaka masentimita 20, ndipo alimi ake amasiya mamita 7 kapena 8 pakati pa phata ndi phata linzake. Malo ake ndi kumunda, m'malire a esiteti ndi m'mphepete mwa mitsinje, osati kuseri kwa chipinda chogona. Vuto limabwera pamene munthu wamva pa wailesi kuti nsungwi ndi yabwino, wapatsidwa mbande ya mtundu umenewu, n'kukaibzala mita imodzi kuchokera pa mpanda wa njerwa.

Imene ndikufuna anthu a m'tauni aidziwe ndi Bambusa multiplex. Nthawi zambiri imalekera pakati pa mamita 3 ndi 7, ndodo zake n'zowonda, phata lake n'lothinana, ndipo masamba ake amayambira pansi, kotero imatchinga bwino maso a anthu odutsa. Imalola kumetedwa pamwamba ndi m'mbali kuti ikhale mpanda wamoyo. Kwa amene mtima wawo uli pa chikasu, pali mtundu wake wotchedwa Alphonse Karr, umene ndodo zake n'zachikasu za mizere yobiriwira, ndipo umapereka kukongola kumene anthu amafuna pa nsungwi yaikulu ija popanda kulanda bwalo. Palinso ina yotchedwa Wamin, ya banja lomwelo la Bambusa vulgaris koma yaifupi, imene pakati pa mfundo zake pamatupa, ndipo imakhala bwino ikaima payokha pakati pa kapinga pamene anthu angaione mozungulira.

Sindingaiwale nsungwi yathu yachilengedwe, Oxytenanthera abyssinica, imene imamera m'mapiri ndi m'zigwembe za dziko lino ndi maiko ambiri a mu Africa, imene makolo athu akhala akulukira malichero, madengu, nkhokwe ndi mono. Nayonso ndi ya phata, imapirira chilala kuposa zobwerazi, ndipo mkati mwake ndi mothina kwambiri, nthawi zina mopanda mphako n'komwe. Chofooka chake pa ntchito yokongoletsa n'chakuti imayoyola masamba m'chilimwe ikasowa madzi, ndiye kuti mpanda wake umakhala poyera m'miyezi yomwe fumbi lachuluka. Ngakhale zili choncho, kwa munthu amene ali ndi malo okwanira koma madzi ndi ovuta, ine ndingasankhe imeneyi. Zimandidabwitsa kuti ogulitsa mbande saiganizira n'komwe, mwina poyesa kuti chinthu cha kumudzi sichingakongoletse nyumba ya m'tauni.

Ndionjezepo mwachidule kuti kachomera kamene kamaikidwa m'botolo la madzi pa tebulo la mu ofesi, kamene ena amakatcha nsungwi ya mwayi, si nsungwi ayi. Ndi Dracaena sanderiana, ndipo zonse zimene ndikulemba pano sizikukhudza kachomera kameneko.

Chifukwa chimene anthu amanamizikira ndi mbande chili m'makulidwe a nsungwi, amene ndi osiyana ndi a mtengo. Mtengo umanenepa chaka ndi chaka, koma mphukira ya nsungwi imatuluka m'nthaka ili kale ndi kunenepa kumene idzakhale nako moyo wake wonse, ndipo imafika msinkhu wake wonse m'miyezi iwiri, itatu kapena inayi ya nyengo ya mvula. Ikatero sitalikanso, sinenepanso, imangotulutsa nthambi ndi kulimba. Chimene chimakula chaka ndi chaka ndi mphamvu ya phata, kotero mphukira za chaka chino zimaposa za chaka chatha, za chaka chamawa zidzaposa za chaka chino, mpaka phata litafika pa msinkhu wa mtundu wake, kawirikawiri pakatha zaka 4 mpaka 6. M'chaka choyamba mwini nyumba amaona timitengo towonda tofika m'chiuno n'kumati wagula chinthu chofatsa. M'chaka chachinayi amadzuka m'mawa wina wa mu Januwale n'kupeza mphukira yonenepa ikulunjika ku denga. Nsungwiyo sinasinthe khalidwe, yangofika pamene inkapita kuyambira tsiku loibzala, ndipo wogulitsa akanatha kunena zimenezi pa tsiku logula.

Pa nkhani ya mtunda, maganizo anga ndi akuti nsungwi yaing'ono ya mpanda ibzalidwe mita imodzi ndi theka kuchokera pa khoma, ndipo pakati pa mbande ndi inzake pakhale mita imodzi kapena imodzi ndi theka. Mpata umenewu ndi wakuti munthu azitha kudutsa kuseri ndi chikwanje kapena macheka, chifukwa phata limene simungalifikire mbali zonse simungathe kulisamala. Yachikasu yaikulu ija isayandikire nyumba, mpanda, mapaipi a madzi kapena thanki ya zonyansa kuposa mamita 5, ndipo isabzalidwe pansi pa mawaya a ESCOM, popeza nsungwi yaitali ikanyowa ndi mvula imalemera n'kuwerama, ndipo mwera ukawomba imakwapula chilichonse chimene chili pafupi. Mizu ya nsungwi silowa pansi kwambiri ndipo siboola maziko olimba monga imachitira mizu ya mitengo ina, koma phata lokula likapanikizana ndi mpanda wa njerwa imodzi limaukankha mpaka kung'aluka. Masamba ake nawonso amagwa chaka chonse, amatseka ngalande za madzi a padenga, ndipo akagwera kwa woyandikana naye ndiye chiyambi cha mkangano. Mizu yake ing'onoing'ono imayala pamwamba pa nthaka mamita angapo kuzungulira phata n'kumamwa chinyezi, choncho bedi la mpiru kapena tomato limene lili pafupi silichita bwino pokhapokha mutakumba ngalande pakati pake n'kumadula mizuyo chaka ndi chaka.

Kubzala kwenikweni sikovuta. Nthawi yabwino ndi pamene mvula yakhazikika, mu Disembala kapena Januwale, kuti mbande igwire nthaka isanaume. Dzenje likhale la masentimita 60 mulitali, mulifupi ndi kuya komwe, dothi lapamwamba lisakanizidwe ndi manyowa owolerana bwino, ndipo mbande ikwiriridwe kufika pamene dothi la m'chubu linalekera, osapitirira. Nsungwi imakonda chinyezi koma sifuna kuima m'madzi, kotero pa dothi la makande kapena pamalo a dambo ndi bwino kuunda kamulu n'kubzala pamwamba pake. Chilimwe choyamba ndi chimene chimapha mbande zambiri, makamaka mu Seputembala ndi Okutobala, choncho kuthirira mokwanira kawiri pa sabata m'miyezi imeneyi n'kofunika, ndipo madzi otsukira ndiwo kapena osambira opanda sopo wambiri amathandiza pamene madzi a pampopi ndi odula. Masamba akayamba kupindika masana ngati timapaipi, nsungwi ikunena kuti ili ndi ludzu. Chiswe chimakonda mbande yofooka ndi ludzu, ndipo mbuzi zimadya mphukira ndi masamba anthete, kotero kumene ziweto zimayenda momasuka mbande itchingidwe.

Popeza ndi udzu, chakudya chimene imafuna kwambiri ndi chokulitsa masamba. Manyowa a khola oikidwa kuzungulira phata mvula ikamayamba amakwanira, ndipo amene angakwanitse akhoza kuwazapo dzanja limodzi la yureya nthaka ili yonyowa. Masamba ogwa asasesedwe onse n'kutenthedwa monga timachitira pofuna kuti pabwalo pawoneke poyera. Ena asiyidwe pansi pa phata kuti aphimbire nthaka, asunge chinyezi ndi kubwezera m'nthaka zimene nsungwi inatengamo.

Pochulukitsa, njira yodalirika ndi kupatula tsinde la pansi pamodzi ndi thunthu la chaka chimodzi kapena ziwiri, kulidula pa msinkhu wa mita imodzi, n'kulibzala tsiku lomwelo mizu isanaume. Tsindelo likumbidwe mosamala kuti maso ake, amene ndi pomwe mphukira zidzatulukire, asavulale. Yachikasu ija imameranso ndi zidutswa za mfundo ziwiri kapena zitatu zogonekedwa m'nthaka yonyowa. Ndichenjeze pano za njere. Bambusa vulgaris sichita maluwa kawirikawiri, ndipo ngakhale ikachita sibereka njere zomera, kotero aliyense wogulitsa njere za nsungwi yachikasu pa Facebook kapena kwina kulikonse akugulitsa chinthu china. Ngakhale njere zenizeni za mitundu ina sizikhalitsa, zimafa mphamvu pakangopita miyezi yochepa.

Ntchito imene anthu ambiri saidziwa, koma ndi imene imasiyanitsa phata lokongola ndi chitsamba chochititsa mantha, ndi kupatulira. Thunthu lililonse la nsungwi lili ndi zaka zake. Likakhala la chaka chimodzi kapena ziwiri ndi limene limadyetsa mphukira zatsopano, likafika zaka 3 kapena 4 lakhwima ndipo ndi loyenera kudulidwa, ndipo likapitirira pamenepo limayamba kufooka mpaka kuumira pakati pa phata. Popeza mphukira zimatulukira kunja, zakale zimatsalira mkati, ndiye munthu wosadziwa amadula zakunja chifukwa ndi zosavuta kuzifikira, n'kusiya zokalamba. Akatero wapha tsogolo la phata n'kusunga zinyalala. Choyenera n'kulowa mkati chaka chilichonse mvula ikatha, cha mu Meyi mpaka Julayi, kuchotsa zouma, zopindika, zopingasa ndi zokhwima, n'kusiya zazing'ono zili motalikirana kuti mphepo ndi kuwala zizidutsa. Amene zimamuvuta kudziwa zaka akhoza kupaka kadontho ka penti pa nsungwi zatsopano, mtundu wina chaka chilichonse. Pa phata lalikulu limene lathinana kale, alimi amatsegula kanjira mbali imodzi kolowera pakati. Pa ntchitoyi macheka ndi abwino kuposa chikwanje, chifukwa chikwanje chimasiya zitsa zosongoka zimene zimabaya ana ndi agalu. Wogwira ntchitoyi avale malaya a manja aatali, pakuti makoko okuta mphukira ali ndi ubweya woyabwa.

Kuchepetsa kukula kwa phata nakonso kumachitika pa nthawi yake. Mphukira ikatulukira pamalo osafunika, ithyoledwe ikadali yanthete, pamene phazi lokha likwanira, osadikira kuti ilimbe. Amene akufuna mpanda wa msinkhu umodzi adule nsonga pamwamba penipeni pa mfundo, ndipo thunthu lodulidwalo silidzatalikanso, lidzangochulukitsa nthambi. Kudulira pansi kumathandizanso: nthambi za m'munsi mwa nsungwi yachikasu zikachotsedwa kufika pa msinkhu wa munthu, mizere yake yokongola ija imaonekera, ndipo pansi pamakhala poyera. Koma pa nsungwi ya mpanda nthambi za m'munsizo zisiyidwe, popeza ndi zimene zikutchinga.

Anthu ambiri amakana nsungwi ponena kuti imaitana njoka. Njoka siidya nsungwi, imatsata makoswe ndi malo obisalamo, ndipo phata losapatulira, lodzaza ndi zouma, limapereka zonse ziwiri, monganso mulu wa njerwa kapena wa nkhuni umene wakhalitsa. Phata lopatulira bwino, limene munthu akhoza kuona kuseri kwake, silisunga njoka kuposa duwa lina lililonse. Nkhani ya udzudzu ndiyo ili ndi maziko enieni, chifukwa nsungwi ikadulidwa pakati pa mfundo ziwiri chitsa chake chimasanduka kapu yosunga madzi a mvula, ndipo mitundu ina ya udzudzu imaswana m'madzi oterewa. Mankhwala ake ndi kudula pafupi ndi nthaka, pamwamba penipeni pa mfundo yoyamba, kuti pasatsale mphako. Choopsa china ndi moto. Masamba ouma a nsungwi amayaka msanga, kotero dzala lotenthera zinyalala lisakhale pafupi, ndipo masamba ophimbira aja asaunjikane mopitirira muyeso m'miyezi yotentha. Tizilombo timene ndimationa kawirikawiri ndi toyera tofanana ndi kodikodi, tobisala pamene nthambi zatulukira, timene timasiya zomatamata zoitana nyerere ndi nkhungu yakuda pa masamba. Nthawi zambiri madzi a sopo ndi kupatulira komweko zimakwanira.

Nsungwi zodulidwazo si zotaya. Zimakhala zichiri za tomato ndi nyemba zoyanga, thandala la mbale, kampanda ka nkhuku, ngakhale nkhuni. Yachikasu ija ili ndi chakudya chambiri m'thupi mwake, n'chifukwa chake imafumbwa msanga, koma ikavikidwa m'madzi kwa masabata angapo isanaumitsidwe pamthunzi imakhalitsa. Mphukira za mitundu ina zimadyedwa ku Asia, ndipo za Dendrocalamus asper zimatamandidwa, koma zosaphika zili ndi poizoni wa gulu limodzi ndi amene amapezeka mu chinangwa chowawa, choncho ziyenera kusendedwa, kuduladula ndi kuwiritsidwa bwino, madzi ake n'kutayidwa. Makolo amene ali ndi ana aang'ono adziwe zimenezi.

Pali chinthu chimodzi chimene ngakhale mlimi wosamala sangachiletse. Mitundu yambiri ya nsungwi imachita maluwa kamodzi kokha patatha zaka zambirimbiri, kenako phata lonse limafa, ndipo mapata onse ochokera ku kholo limodzi amachita zimenezi pa nyengo imodzi ngakhale ali m'maiko osiyana. Ku Ulaya zinachitika ndi Fargesia murielae, imene katswiri wa zomera wa ku Britain, Ernest Wilson, anaitenga ku China mu 1907 ndipo inachulukitsidwa pogawa matsinde: m'zaka za m'ma 1990 inachita maluwa n'kufa m'minda yambirimbiri. Ku Mizoram, kumpoto chakum'mawa kwa India, nsungwi ya Melocanna baccifera imatero pafupifupi zaka 48 zilizonse, ndipo zipatso zake zimachulukitsa makoswe amene pambuyo pake amagwera m'minda, monga zinachitikira mu 1959 pamene kunagwa njala. Nsungwi yathu yachilengedwe nayonso imauma ikabereka njere, ndipo akuluakulu a m'madera mmene imamera amazidziwa zimenezi. Pakhomo, tanthauzo lake n'lakuti mpanda wonse wochokera ku phata limodzi ukhoza kufa nthawi imodzi, choncho amene ali ndi malo asakanize mitundu iwiri.

Okhala m'nyumba za lendi asabzale nsungwi pansi popanda kugwirizana ndi eni nyumba, chifukwa kuzula phata lokhwima ndi ntchito ya piki, nkhwangwa ndi anthu amphamvu, ndipo wobzala amakhala atasamuka kalekale pamene vuto likuyamba. Iwowa akhoza kubzala Bambusa multiplex kapena Wamin m'mphika waukulu wa simenti kapena m'mgolo wodula pakati wobooledwa pansi. Ya mumphika imafuna madzi pafupipafupi, ndipo pakatha zaka ziwiri kapena zitatu iyenera kutulutsidwa n'kugawidwa, apo ayi mizu imadzaza mpaka kuswa mphikawo.

Pempho langa loyamba likupita kwa eni nazale ndi ogulitsa mbande m'misewu. Chubu chilichonse cha nsungwi chikhale ndi kachikwangwani konena dzina la mtundu, msinkhu umene imafika ikakhwima, ndi mtunda woyenera kuchokera pa khoma. Sizifuna ndalama zambiri, kapepala ka pulasitiki ndi cholembera chosafufutika n'zokwanira. Ndikudziwa kuti ambiri mwa ogulitsawa ndi achinyamata ofuna kupeza ya ufa, ndipo nawonso anapatsidwa mbewuyo popanda dzina, n'chifukwa chake pempho lachiwiri likupita kwa akatswiri. A Nthambi ya Zankhalango, a Forestry Research Institute of Malawi ku Zomba, ndi a National Herbarium and Botanic Gardens of Malawi, amene ali ndi minda ku Zomba, Lilongwe ndi Mzuzu, ali ndi anthu odziwa kuzindikira zomera. Atakonza tsiku limodzi lophunzitsa ogulitsa mbande mumzinda uliwonse, ndiponso atabzala mitundu imeneyi moyandikana m'minda yawo ndi maina olembedwa m'Chichewa ndi m'Chitumbuka momveka, munthu akanatha kuima pansi pa phata lokhwima n'kudzionera yekha asanatulutse ndalama. Wogula naye ali ndi mbali yake: apemphe kuona phata limene mbandeyo yachokera, ndipo wogulitsa akalephera kumuonetsa kapena kumufotokozera kutalika kwake, asagule.

Kwa inu a Mkonzi, nyengo yobzala mitengo m'dziko muno imayamba pa 15 Disembala n'kutha pa 15 Epulo, ndipo ndi m'masabata oyamba a nyengoyi pamene mbande zimagulidwa kwambiri. Ndikupempha kuti tsiku limenelo lisanafike mutumize mtolankhani ndi wojambula zithunzi kuti akajambule mapata okhwima a Bambusa vulgaris, Dendrocalamus asper, Bambusa multiplex ndi nsungwi yathu ya m'mapiri, munthu ataima pambali pa phata lililonse kuti msinkhu uoneke, ndipo musindikize zithunzizo pa tsamba limodzi pamodzi ndi maina ake.

Ine wanu,
Mlimi wa maluwa,
Zomba